Ndege ya Fani Pamphuno

Ndikukumbukira kachipinda ka atsibweni anga a Fanuwelo kuseri kwa msika wa Mtakataka, kamene kankanunkha fumbi lotentha ndi waya wopserera. Kanali kakang'ono moti munthu ukatambasula manja unkatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Pakhoma panali thabwa lodzaza masoketi, pomwe anthu a m'midzi yopanda magetsi ankasiya mafoni awo kuti atchajidwe. Pakona panali kompyuta imene kale inali yoyera, koma inali itasanduka yachikasu ngati dzino la munthu wosuta fodya. Ndinafika m'chipindamo ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinakhalamo miyezi ingapo ndisanayankhulepo ndi munthu mawu opitirira eya ndi ayi.

Kwathu ndi ku Golomoti, kufupi ndi minda ya mpunga ya ku Bwanje. Sukulu ndinalekera sitandade folo, chaka chimene bambo ananyamuka kupita ku Joni. Tsiku lonyamukalo banja lonse linawaperekeza kumsewu. Amayi anasenza chikwama, achemwali anga ananyamula kamba wa paulendo. Ine ndinabisala m'nthochi kuseri kwa bafa. Sindinakwiye ndi munthu ayi. Ndinkangoopa kuti bambo akandiyang'ana n'kunena kuti tsala bwino, ndisowa poika nkhope yanga. Ndinawamva akundiitana kawiri, "Ene! Enelesi!" kenako mawu awo anapita nachepa. Amayi atabwerako anandipeza ndikadali m'nthochimo, nyerere zikundiyenda m'miyendo.

"Mwana wopanda mwambo iwe," anatero. "Munthu ukapanda kumuperekeza sabweranso."

Ananena monga akuluakulu amanenera zinthu akatopa, n'kuiwala. Ine sindinaiwale. Bambo anaimba foni miyezi itatu yoyamba, kenako zii. Chaka chitatha, amayi ananditumiza kwa mlongo wawo ku Mtakataka kuti ndizikathandiza pashopu, pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Ndinapita ndi chitenje chimodzi, madiresi awiri, ndi mawu aja.

Ntchito yanga inali kusesa, kulandira mafoni, ndi kumata kapepala ka nambala kumbuyo kwa foni iliyonse kuti eni ake asasinthanitse. Manambala okha ndinkawadziwa bwino. Atsibweni anali munthu wa nthabwala, wokonda kuyankhula, ndipo manyazi anga ankawasokoneza. Ankati ndili ngati foni imene wina anaiika pa sailenti n'kuiwala pobwezera. Masana aliwonse dzuwa likafika paliwombo ankati, "Ndikaone munthu pang'ono." Munthuyo anali bawo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo. Ankandisiyira kiyi, ine n'kuimanga pakona ya chitenje, ndipo lamulo linali limodzi: ngakhale msika upse, usachoke pamafoni a anthu.

M'kompyuta muja munali nyimbo zimene atsibweni ankaikira anthu m'mafoni, komanso munali gemu ya ndege zankhondo. Anyamata akaweruka kusukulu ankabwera kudzasewera, atapanikizana pabenchi, thukuta kununkha. Atsibweni anandiphunzitsa kuwatsegulira gemuyo kuti iwo asamasokonezedwe kubawo. Chizungu cha pagalasipo sindinkachiwerenga. Ndinkangoloweza zithunzi, kuti ukadina apa pabwera ichi, ukadina apo pabwera icho. Choyendetsera chake chinali chonga giya ya minibasi, chothyoka m'khosi, chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Gemuyo ikatseguka inkaonetsa ndege zambiri zondondozana kuti munthu asankhe. Pamwamba panali zatsopano, zosongoka ngati nsomba ya ncheni, zotuwa, zotulutsa moto kumbuyo. Anyamata onse ankasankha zimenezo. Ikanyamuka inkalira ngati nsalu yatsopano ikung'ambidwa, ndipo usanaphethire dziko linali litasowa, kwatsala mitambo yokha. Kenako kabokosi kobiriwira kankaoneka pagalasi, chinthu n'kuyamba kulira kuti ti-ti-ti, mnyamata n'kudina batani. Kutali kwambiri kankathwanima kamoto ngati ka machesi, onse n'kukuwa kuti, "Wafa!" Ine nditagwira tsache kumbuyo kwawo ndinkasuzumira kufuna kuona amene wafayo, koma sindinamuonepo ngakhale kamodzi.

Ndege yanga ndinaipeza mwezi wa Okutobala, masana ena otentha kwambiri moti ngakhale agalu a pamsika anasiya kukangana. Kunalibe kasitomala. Ndinatsitsa mndandanda uja mpaka pansi penipeni, kumene anyamata sankafikako, ndipo ndinapeza kandege konenepa, kobiriwira, kokhala ndi fani pamphuno. Ndinayang'ana kukhomo, n'kudina.

Inatsokomola kaye. Inatulutsa utsi, n'kuyamba kulira kuti du-du-du ngati chigayo cha dizilo m'mawa. Galasi lonse linkanjenjemera. Pothamanga kuti inyamuke inkakokera kumanzere ngati ng'ombe yokana goli, ndipo tsiku limenelo ndinakaigwetsera m'tchire kasanu. Mawa lake chimodzimodzi. Panapita sabata yathunthu ndisanaphunzire kuti imafuna kuinyengerera, osati kuikankha. Tsiku limene inadzuka pansi, manja anga anali atanyowa ngati ndimachapa.

Ndiye ndinayang'ana kumbali. Pafupi ndi phiko langa panali ndege ina yofanana ndi yanga, ikuuluka nane. M'kati mwake munkaoneka kamutu ka munthu kovala chipewa chachikopa. Ndikakhota, nayo inkakhota. Ndikatsika, nayo inkatsika. Pansi pathu panali minda yodulidwa timabokosi ngati ya ku Bwanje, mtsinje, msewu, ndi timanyumba. Popeza ndegeyo inali yochedwa, zonsezi zinkapita pang'onopang'ono, munthu n'kumaziona bwinobwino. Ndinaiwala kuti ndi gemu yankhondo. Ndinangoyenda ndi mnzangayo mpaka atsibweni anabwera.

"Aa, a Pailoti!" anatero ali pakhomo. "Mwa ndege zonsezo mwasankha chigayo?" Ataona kuti ndikuyang'anitsitsa yapambaliyo anaseka. "Ameneyo si munthu, Ene. Ndi kompyuta yomweyi ikudziyendetsa."

Ndinkadziwa. Sindinali wopusa. Komabe kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse ndikadzuka pansi n'kuiona yafika pambali panga, ndinkanong'ona kuti, "Mwaswera bwanji?" Ndiye moni yekhayo amene ndinkayamba ine kupereka ku Mtakataka konse.

Pakhonde la shopu yathu pankakhala mtsikana wogulitsa zitumbuwa, dzina lake Asiyatu. Anali wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, wa mpata kumano, wovala mpango wobiriwira kumutu, ndipo akaseka anthu a kumatimati ankacheuka. Kwawo kunali kumudzi wa chakunyanja, ulendo wa ola lathunthu wapansi. Ankabwera m'mawa ndi beseni pamutu, n'kubwerera dzuwa litapendeka. Kwa miyezi ndinkasesa momuzungulira osamuyang'ana kumaso.

Tsiku lina ndili m'mwamba ndinamva mawu pawindo. "Iwe, imeneyo ndi ndege kapena ngolo?"

Ndinadzidzimuka, ndege n'kugwa chamutu. Asiyatu analowa popanda odi, anaika beseni lake pansi pa thabwa la mafoni, n'kundisunthira pabenchi ndi chiuno. Anali ataonera anyamata pawindo kwa nthawi yaitali, ndiye ankadziwa chimene ankafuna. Anasankha yosongoka kwambiri. Kabokosi katalira anadina, kamoto n'kuthwanima kutali, iye n'kuwomba m'manja ngati wagoletsa chigoli. Pochoka anandisiyira chitumbuwa chosweka, chimene ankati palibe angagule.

Umu ndi mmene zinayambira. Atsibweni akapita kukaona munthu, Asiyatu ankalowa, beseni lili poonekera pakhomo. Iye ankayankhula, ine n'kumamvera. Anandiuza za achimwene ake opalasa bwato, za mphunzitsi wa kumzikiti amene ankawodzera ana akuwerenga, za mayi wina amene ankagula chitumbuwa chimodzi atafinya zonse. Koma mkangano wathu unali umodzi tsiku lililonse. Iye ankati ndege yatsopano ndiye ndege. Imathamanga, imaona mdani ali kutali, ndipo ukhoza kufika nayo ku Joni usanamalize kutafuna chitumbuwa. Ankati yangayo ngakhale kabaza akhoza kuipitirira.

Tsiku lina ndinayankha. Ndikuganiza kuti ndiwo mawu aatali oyamba amene anamva kuchokera kwa ine. Ndinati, "Koma yakoyo suona munthu."

Anandiyang'ana pakamwa pali yasa. "Ukufuna uzimuona nkhope munthu woti umuphe? Walahi ndiwe mfiti iwe, kufatsa konseku!"

"Ayi," ndinatero, nkhope ikutentha. "Wapambaliyo."

Sanamvetse tsiku limenelo. Anamvetsa patapita masiku, pamene adani anatipeza tili pamwamba pa mtsinje. M'ndege yakale mulibe kabokosi kolira. Mdani umamuona ndi maso, amayamba ngati ntchentche, n'kumakula mpaka uone mtundu wa mapiko ake. Tinazungulirana, ine ndikuwombera paliponse, ndipo sindikudziwa kuti zinatheka bwanji koma mmodzi ndinamukhudza, n'kuyamba kuthawa. Asiyatu anaimirira akundimenya paphewa. "Muthamangitse! Wavulala ameneyo, mumalize!" Koma ine ndinali nditaona kuti mnzanga wapambali uja akufuka utsi wakuda, ndipo watembenuka kubwerera kubwalo, akutsika pang'onopang'ono. Ndinamusiya mdaniyo. Ndinachepetsa liwiro, n'kukakhala pambali pa yofukayo.

"Ukutani tsopano?"

"Ndikumuperekeza."

Asiyatu anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti. Misozi inatuluka, mpango n'kugwera kumbuyo. Ine ndinangoyendabe ndi yofukayo, kudutsa minda, kudutsa msewu, mpaka tinatera tonse awiri. Kuyambira tsikulo anasiya kunditchula Ene. Ndinali Perekezani. Koma atasiya kuseka, akumanga mpango wake, ananena chinthu china osandiyang'ana.

"Ndege ya pakompyuta umaiperekeza mpaka kwawo. Ine ndimapita ndekha tsiku lililonse. Ngakhale pampope sunandifikitsepo."

Zinali zoona. Madzulo aliwonse akasenza beseni n'kunena kuti ndapita, ine ndinkatembenukira kumafoni, n'kumakonza timapepala tomwe tinali tokonzakonza. Mtima unkagunda ngati tsiku lija m'nthochi. Ndinkadziuza kuti mawa abweranso, ndipo ankabweradi, choncho ndinkati mwina mawu a amayi amagwira okhawo opita kutali.

Mvula yoyamba itangotsala pang'ono kugwa, Asiyatu anabwera masana ena beseni lili lopanda kanthu. Anali atagulitsa zonse msanga. Anakhala pabenchi, natsitsa mndandanda mpaka pansi, n'kusankha ya fani pamphuno koyamba. Inamukokera kumanzere, n'kukagwera m'tchire. Anayesanso, n'kugwanso. Maso ali pagalasi, anandiuza kuti banja la amayi ake latha, ndipo akubwerera kwawo kwa amayiwo, kutsidya kwa Mangochi. Katundu anali atamanga kale. Lole inali kudzawatenga kumudzi mawa lake m'mawa.

"Tayendetsa ngolo yakoyi ndione," anatero, akundipatsa choyendetsera.

Ndinayendetsa. Inadzuka bwinobwino, yapambali n'kufika pamalo pake. Tinaonera minda ikudutsa pansi. Kenako benchi inapepuka. Ndinamva beseni likukhudza thabwa.

"Ndapita, Perekezani."

Sindinacheuke. Ndinamva masilipasi ake pakhonde, phwa, phwa, phwa, akupita nachepa ngati mawu a bambo. Kumbuyo kwanga kunali mafoni a anthu, timagetsi tawo tikuphethira. Atsibweni anali kubawo. Ndinamva amayi akunena mawu aja ngati aima pakhomo pomwepo.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Choyendetsera ndinangochisiya, ndege ili m'mwamba. Ndinakoka chitseko, n'kutseka loko, n'kuthamanga pakati pa mabenchi a usipa ndi a tomato. Ndinamupeza atadutsa pampope. Ndinachita chimene ndinaona amayi akuchita ndi chikwama cha bambo. Ndinamulanda beseni pamutu n'kuliika pamutu panga. Anandiyang'ana.

Tinadutsa nyumba zomaliza, tinawoloka njanji, zitsulo zake zikutentha mpaka m'masilipasi. Kutsidyako njira inali ya mchenga, pakati pa migwalangwa ndi minda yososedwa kale yodikira mvula. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa. Beseni linkanunkha mafuta ndi nthochi. Iye anali patsogolo, ine pambuyo, pena njira ikakula tinkayenda mbali ndi mbali. Tikadutsana ndi anthu ankapereka moni yekha, kuyankhira tonse awiri. Tinayenda mpaka pamlambe waukulu pomwe njira imagawikana.

"Bwerera apa," anatero. "Atsibweni ako akupha."

Ndinamutula beseni, n'kumusenzetsa. Ndinasonkhanitsa mawu otsanzikira. Nditawatulutsa anamveka ngati kamwanapiye. "Uyende bwino."

"Wati bwanji? Mphepo yatenga."

Kunalibe mphepo. Ndinakweza mutu, ndinamuyang'ana m'maso, n'kunenanso mokweza moti ndinadzidabwa. "Uyende bwino, Asiyatu."

Anamwetulira, mpata wa kumano uja n'kuoneka. "Inshaala tidzaonana. Uzimupatsa moni wapambaliyo."

Ndinaima pamlambepo ndikumuyang'ana kumsana. Mpango wobiriwira, beseni lopendeka pang'ono, silipasi yakumanzere yomangidwa ndi waya. Anacheuka kawiri. Kachiwiriko anakweza dzanja. Kenako migwalangwa inamubisa.

Chimene palibe anandiuzapo n'chakuti woperekeza amabwerera yekha. M'gemu muja tinkatera tonse awiri. Apa njira yomweyo inatalika, mutu wopanda beseni unkamva kuzizira ngakhale dzuwa linalipo, ndipo mapazi athu anali mumchenga, anayi, onse oloza kumene ine ndinkachokera. Ndinalira kuyambira pamlambe mpaka panjanji. Panjanji ndinapukuta nkhope, chifukwa ndinakumbukira loko.

Pashopu panali khamu. Mayi wina wa ku Mua ankafuna foni yake kuti akwere minibasi, ndipo minibasi ziwiri zinali zitamusiya kale. Atsibweni anali atatuluka thukuta akugwedeza loko ngati iwamvera chisoni, poti kiyi inali imodzi, ndipo inali pachitenje panga. Anandigwira khutu anthu onse akuona, n'kundilowetsa m'kati chala chili pomwepo. Anthu atatenga mafoni awo n'kupita, ndinayang'ana pagalasi. Ndege yanga inali itayenda yokha mpaka inakagwa m'munda, kautsi kakukwera. Pamwamba pake yapambali ija inali ikuzungulirabe, osachoka.

"Unali kuti?" anafunsa atsibweni.

"Ndimaperekeza Asiyatu. Akusamuka."

"Mpaka kuti?"

"Pamlambe wa kutsidya kwa njanji."

Analiza likhweru. "Mpaka uko? Ngakhale apongozi anga sindiwafikitsa kumeneko." Anakanda m'mutu, nayang'ana pagalasi, n'kundiyang'ananso. Chilango chinali sabata imodzi osakhudza kompyuta. Patapita masiku awiri anaiwala okha, kapena anachita ngati aiwala.

Ndinamudikira Asiyatu mvula yonseyo. Ndinkati popeza ndinamuperekeza, abwera. Pakhonde panabwera mayi wina wogulitsa chinangwa, wosaseka. Chaka chotsatira atsibweni anaikamo gemu ina ya mpira, ndipo kuti ikwane anafufuta ya ndege. Anyamata sanadandaule nthawi yaitali. Ine ndinangosesa. Asiyatu sanabwere. Bambo nawonso sanabwere mpaka lero.

Tsopano ndili pabanja konkuno ku Mtakataka, ndipo ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka zitatu, Chisomo. Kachipinda kaja akugulitsiramo makala. Gemu ya ndege ili m'foni ya bambo ake, ndipo Chisomo amadina ndi kachala kamodzi, zinthu n'kumaphulika kutali. Ndinafufuzamo tsiku lina iwo akusamba, kutsitsa mpaka pansi. Ya fani pamphuno mulibe. Zonse ndi zosongoka, ndipo iliyonse imauluka yokha. Masiku ano mlendo akati ndapita, njinga yamoto imabwera kudzamutenga pakhomo penipeni, iye n'kunena kuti ndiimba ndikafika. Palibe amasenza chikwama cha mnzake. Ine ndekha ndimaperekezabe, ndipo anzanga a pampope amandiseka kuti ngakhale munthu wongobwera kudzabwereka mchere ndimamufikitsa pakhomo pake.

Ndakula, ndipo ndikudziwa kuti amayi ananena mawu aja chifukwa cha kutopa. Kuperekeza sikubweza munthu. Koma za bambo ndatsala ndi mawu okha, dzina langa kawiri, kuchokera kuseri kwa masamba a nthochi. Sindidziwa malaya amene anavala, sindidziwa ngati anacheuka. Za Asiyatu ndili nazo zonse, mpaka waya wa pasilipasi.

Mwezi watha bambo a Chisomo ananyamuka kukagwira ntchito yomanga ku Lilongwe. Chikwama chili pakhomo, mwana anasowa. Ndinamupeza kuseri kwa chitseko, nkhope ataibisa kukhoma, zala zili m'kamwa. Mawu a amayi anafika mpaka palilime panga. Ndinawameza. Ndinamunyamula, n'kumubereka kumbuyo, ndinasenza chikwama, ndipo tinapita tonse mpaka kumsewu. Minibasi itanyamuka ndinatembenuka chammbali kuti naye aone.